LRG1: Mfuu ya m'magazi yosatchula dzina la mdani

Amene tachitapo maphunziro oyeserera mu labotale timakadziwa bwino kabotolo ka chivindikiro chofiira. Ukathiramo magazi, n'kuwasiya aundane, kenako n'kuwazungulitsa m'makina kwa mphindi zingapo, amagawika pawiri. Pansi pamatsala chofiira chija, pamwamba pamayandama timadzi tachikasu tonga mafuta ophikira. Timadzi timeneti ndi serum. Kungotiyang'ana ndi maso, ta munthu wathanzi ndi ta munthu wodwala nthawi zambiri sitisiyana. Koma mkatimo muli mitundu masauzande ya mapuloteni, ndipo imene timayeza tsiku ndi tsiku ndi yowerengeka chabe.

Mmodzi mwa mapuloteni amene sapezeka pa fomu yopemphera zoyeza ndi LRG1. Kuti tione chifukwa chake tiyenera kumudziwa, tiyerekeze anthu atatu a mumzinda uno wa Lilongwe. Woyamba ndi mwana wa zaka 9 wa ku Area 3 amene makolo athamangira naye ku Kamuzu Central usiku, m'mimba mukumupweteka, ndipo adokotala ayenera kugamula ngati apite naye ku opaleshoni. Wachiwiri ndi bambo wogulitsa kaunjika mumsika wa ku Old Town, waonda, akutuluka thukuta usiku, wakhala pamzere ku Bwaila koma makhololo oti ayezedwe sakutuluka. Wachitatu ndi mayi wogwira ntchito ku Capital Hill, amene wakhala ndi matenda a shuga zaka 12, ndipo wayamba kuona tinthu takuda tikuyandama m'maso pamene akuwerenga.

Matenda atatuwa ndi osiyana kotheratu, komabe kafukufuku wapeza LRG1 wochuluka pa onse atatu. Asayansi amamukondera zomwezo, ndipo vuto lake lagonanso pomwepo.

Dzina lalitali, tanthauzo losavuta

Dzina lake lonse ndi leucine-rich alpha-2-glycoprotein 1. Tiliphwanye pang'onopang'ono.

Puloteni aliyense ali ngati mkanda wa m'khosi, timikanda tambiri totungidwa pa ulusi umodzi. Timikandato ndi ma amino acid, ndipo thupi limagwiritsa ntchito mitundu 20. Leucine ndi umodzi mwa mitunduyo. LRG1 ali ndi timikanda 312, ndipo 66 mwa ito ndi leucine, kutanthauza kuti pa timikanda tisanu tilitonse, kamodzi ndi ka leucine. N'chifukwa chake amati ndi wolemera ndi leucine.

Mawu akuti glycoprotein amatanthauza puloteni wovala shuga. Selo likamaliza kumupanga, limamumangirira tinthambi ta shuga m'malo angapo, ndipo tinthambito timakwana pafupifupi 23 peresenti ya kulemera kwake. Shuga ameneyu si uja timayeza pobaya chala. Ndi chovala chimene chimathandiza puloteni kusungunuka bwino m'magazi, kukhalitsa, ndi kuzindikirika ndi maselo ena.

Nanga alpha-2? Tikaika serum pa gel n'kudutsitsamo magetsi, mapuloteni amathamanga mosiyana. Albumin amatsogola, kenako pamabwera magulu otchedwa alpha-1, alpha-2, beta ndi gamma. LRG1 amaima m'gulu la alpha-2. Ndi adiresi chabe.

M'chaka cha 1977, chomwe chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa kuno, asayansi awiri a ku Marburg m'dziko la Germany, a Haupt ndi a Baudner, anamupatula koyamba m'magazi a munthu. Ntchito yake sanaidziwe. Mu 1985 gulu la Frank Putnam ku Indiana University, m'dziko la America, linawerenga timikanda take tonse ndipo linaona chinthu chachilendo: kachigawo ka timikanda 24, kokhala ndi leucine m'malo ofanana, kankabwerezedwa kasanu ndi katatu. Aka kanali koyamba kuona kalembedwe kotere, komwe lero kamatchedwa leucine-rich repeat. Pambuyo pake kanapezeka m'mapuloteni mazanamazana, mwa anthu, m'tizilombo ndi m'zomera momwe. Mapuloteni otchedwa Toll-like receptor, amene amathandiza maselo athu kuzindikira kuti mabakiteriya alowa, ali nako. Mapuloteni ambiri amene amateteza mbewu ku matenda ali nakonso.

Zigawo zobwerezedwazi zikasanjikizana, puloteni amapindika ngati chibangili chosatseka. Ma leucine, amene sagwirizana ndi madzi, amabisala mkati n'kugwira chibangilicho kuti chisaphwasuke, ndipo mbali yolowa mkati ya chibangili imakhala malo abwino ogwirira puloteni wina. Kapangidwe kameneka kakutiuza kale ntchito yake: LRG1 ndi wogwira anzake, n'kusintha zimene anzakewo akuchita.

Popeza kusukulu kwathu nkhani ya zakudya timaikonda, tichotseretu chikayiko chimodzi. Leucine ali mu soya, nyemba, mtedza, mazira ndi mkaka, ndipo thupi silitha kumupanga lokha, timayenera kumudya. Koma kudya soya wambiri sikuchulukitsa LRG1, ndipo kusala nyemba sikumuchepetsa. Malangizo omupangira ali mu DNA, pa chromosome 19, ndipo chimene chimalamula maselo kuti awonjezere ndi uthenga wakuti kwinakwake kwavuta.

Amachokera kuti?

Munthu wathanzi amakhala naye pang'ono nthawi zonse. Wambiri amapangidwa m'chiwindi. Wina amapangidwa ndi ma neutrophil, asilikali oyera a m'magazi amene amayamba kufika pamene pali bala kapena mabakiteriya. Iwo amamusunga m'timatumba tawo n'kumutulutsa akafika pankhondo.

Pamene thupi lavulala kapena lalowedwa ndi tizilombo, pamalopo pamatupa, pamatentha, pamafiira, pamapweteka. Kutupa kotereku ndi kumene madokotala amati inflammation, ndipo kumachitikanso mkati mosaoneka, m'matumbo, m'mapapo, m'mfundo za mafupa. Maselo a pamalopo amatulutsa timauthenga totchedwa ma cytokine. Timauthengati tikafika kuchiwindi, chiwindi chimasintha ntchito: chimachepetsa albumin, n'kuchulukitsa gulu la mapuloteni a nthawi yangozi. Wodziwika kwambiri m'gululi ndi CRP, amene anapezeka mu 1930 ku New York, ndipo ma labotale ambiri amamuyeza. LRG1 ali m'gulu lomwelo.

Kumudzi, munthu akakuwa mfuu pakati pa usiku, aliyense amadzuka n'kutenga chimene ali nacho pafupi. Mfuuyo imanena zoona kuti kwagwa zovuta, koma sinena ngati ndi moto, mbava kapena fisi m'khola. CRP ndi LRG1 ndi mfuu zotere.

Komabe awiriwa amasiyana pawiri. Poyamba, CRP amadalira kwambiri kauthenga kamodzi kotchedwa IL-6, pamene LRG1 amamvera angapo: IL-6, IL-1, TNF ndi IL-22. Kachiwiri, CRP wa m'magazi amachokera kuchiwindi, pamene LRG1 amapangidwanso pamalo penipeni pamene pavuta, monga m'maselo okuta mkati mwa matumbo kapena mkati mwa mitsempha ya magazi. Choncho pali nthawi zina pamene CRP ali chete koma LRG1 akukuwa. Mbali inayi, CRP amatha kukwera kambirimbiri pa matenda aakulu, pamene LRG1 amakwera modekha, zomwe zimapangitsa kuti malire a pakati pa wathanzi ndi wodwala akhale ovuta kulemba.

Asayansi anapezanso kuti LRG1 amagwira cytochrome c, puloteni amene amatayikira m'magazi maselo akamafa, ndipo akuganiza kuti potero amateteza maselo ena oyera. Nkhani imeneyi ikufufuzidwabe.

Mwana wa m'mimba mopweteka

Apendikisi ndi kathumba kakang'ono kolendewera pamene matumbo aang'ono amakumana ndi aakulu, kumunsi kwa mimba mbali ya kumanja. Kakatupa n'kuchedwa kuchotsedwa, kamaphulika, mafinya n'kufalikira m'mimba monse. Kafukufuku amene anachitika pa Kamuzu Central n'kusindikizidwa mu 2011 anapeza kuti apendikisi ndi kupotana kwa matumbo zinali m'gulu la zifukwa zazikulu zimene odwala ankafikira ndi mimba yotupa chotere. Koma kung'amba mwana amene alibe vutoli ndi ngozinso. Mwana wamng'ono satha kufotokoza bwino ululu wake, ndipo taifodi, malungo, njoka za m'mimba ndi matenda a njira ya mkodzo zonse zimatha kupweteka mofanana.

Mu 2010 Alex Kentsis ndi anzake pa chipatala cha ana ku Boston anasindikiza zimene anapeza atasanthula mapuloteni a mumkodzo wa ana amene ankaganiziridwa kuti ali ndi apendikisi. Anagwiritsa ntchito makina otchedwa mass spectrometer, amene amazindikira mapuloteni poyeza kulemera kwa tizidutswa tawo. LRG1 ndi amene anaonekera kwambiri. Anali wochuluka mumkodzo wa ana odwaladi, ndipo anapezekanso wochuluka mu apendikisi wochotsedwayo.

Imeneyi inali nkhani yosangalatsa, chifukwa mkodzo suvuta kutenga ndipo sufuna singano. Koma gulu lomwelo litayesa kuyeza LRG1 ndi njira wamba ya ELISA, imene ma labotale ambiri angakwanitse, zotsatira sizinali zakuthwa ngati za makina odula aja. Magulu a m'mayiko ena apitiriza kuyesa, ndipo zotsatira zakhala zosiyanasiyana. Mpaka lero dzanja la dokotala pamimba, kuwerenga maselo oyera ndi sikani ndi zimene zimagamula za mwana uja.

Kumene akugwira kale ntchito

Dziko limene LRG1 walowadi m'chipatala ndi Japan. Gulu la Tetsuji Naka linamupeza wochuluka mwa odwala nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid mu 2010, kenako mwa odwala zilonda za m'matumbo aakulu zotchedwa ulcerative colitis. Pa nyamakazi pali mankhwala otchedwa tocilizumab amene amatseka njira ya IL-6. Wodwala akamawalandira, CRP amatsika ngakhale mfundo zikutupabe, motero dokotala amataya chomuunikira. LRG1, poti amamvera timauthenga tina, amapitiriza kusonyeza mmene matenda alili.

Pa zilonda za m'matumbo, njira yotsimikizika yoonera ngati zapola ndi kulowetsa kamera m'matumbo, zimene n'zodula ndiponso zosautsa. Kuyambira mu 2020 inshuwalansi ya zaumoyo ya ku Japan imalipira kuyeza LRG1 m'magazi mwa odwala ulcerative colitis ndi matenda a Crohn, ndipo malire amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi ma microgram 16 pa mililita imodzi.

Tionetsetse mmene akumugwiritsira ntchito. Sakumufunsa kuti, “Munthuyu akudwala chiyani?” Dzina la matenda analidziwa kale. Akumufunsa kuti, “Moto uja tikuudziwa, wazima kapena ukuyakabe?” Funso limeneli mfuu ingathe kuyankha.

Bambo wa pamzere ku Bwaila

Ku Bwaila kuli Martin Preuss Centre, imene inatsegulidwa mu 2006 kuti odwala TB ndi HIV azithandizidwa pamalo amodzi. Aliyense amene wagwirapo ntchito ya TB amadziwa vuto la makhololo. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010, amapeza DNA ya kachilombo ka TB m'maola ochepa, koma amafuna makhololo abwino. Ana, odwala kwambiri, ndi anthu ambiri amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV amalephera kuwatulutsa, ndipo mwa ena TB imakhala kunja kwa mapapo.

N'chifukwa chake dziko lonse likufunafuna njira zoyezera zosadalira makhololo. Imodzi ndi LAM, kachidutswa ka khungu la kachilombo ka TB kamene kamatuluka mumkodzo. Kafukufuku wotchedwa STAMP, amene anachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi ku Pietermaritzburg ku South Africa n'kusindikizidwa mu 2018, anaonetsa kuti kuyeza mkodzo wa odwala HIV ogonekedwa kumathandiza kupeza TB imene ikanaphonyedwa. Ndipo mu 2021 WHO inavomereza CRP, pa malire a mamiligalamu 5 pa lita, ngati njira imodzi yosefera anthu amene ali ndi HIV kuti aone oyenera kuyezedwa TB mozama.

LRG1 akulowa pati? Mu 2020 gulu la a Naka lija linalemba kuti LRG1 anali wokwera mwa anthu odwala TB poyerekeza ndi athanzi, ndipo anatsika odwalawo atayamba mankhwala. Izi zikupereka chiyembekezo chakuti angathandize kusefa, kapena kuona ngati mankhwala akugwira. Koma pali kusiyana kofunika. GeneXpert ndi LAM zimapeza mbali ya mdani weniweniyo. CRP ndi LRG1 zimangomva kulira kwa thupi. Bambo wa kaunjika uja akapezeka ndi LRG1 wokwera, chikhoza kukhala chibayo, khansa, kapena TB. Sitingamuyambitse mankhwala a miyezi 6 pa umboni umenewo wokha.

Mayi wa ku Capital Hill: pamene wokuwa mfuu ndiye akukoleza moto

Kwa zaka zambiri LRG1 ankaonedwa ngati mboni chabe. Zinasintha mu 2013, pamene Xiaomeng Wang, John Greenwood, Stephen Moss ndi anzawo a ku Institute of Ophthalmology ya University College London anasindikiza kafukufuku wawo m'magazini ya Nature.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, timitsempha tating'ono ta m'kansaluka timawonongeka n'kutsekeka. Mbali zimene zasowa mpweya zimapempha mitsempha yatsopano, ndipo mitsemphayo imameradi, koma imamera molakwika. Ili ngati mapaipi a madzi olumikizidwa usiku mobisa: opyapyala, opindikapindika, odontha paliponse. Imatayira magazi mkati mwa diso, ndipo tinthu takuda timene mayi uja akuona tikhoza kukhala magazi amenewo. Ikauma imasiya zipsera zimene zimakoka retina mpaka kuimatula.

Gulu la ku London linafufuza majini amene amadzuka m'mitsempha yodwala ya m'maso mwa mbewa, ndipo Lrg1 anali pamwamba pa mndandanda. Linapezanso LRG1 wochuluka m'madzi a mkati mwa diso la anthu amene shuga wawononga maso awo motere. Mbewa zimene zinachotsedwa jini imeneyi zinkakula ndi kubereka, koma zikapatsidwa matenda a maso, mitsempha yolakwika inkamera yochepa. Atabaya mankhwala otseka LRG1, inachepanso.

Amachita bwanji? Pali kauthenga kotchedwa TGF-beta kamene kangauze selo la mtsempha zinthu ziwiri zotsutsana, malinga ndi khomo limene kalowera. Kakalowera pa khomo lotchedwa ALK5, kamati, “Khala phee.” Kakalowera pa ALK1, kamati, “Gawikana, yenda, panga nthambi.” LRG1 amagwira puloteni wothandizira wotchedwa endoglin, ndipo potero amakankhira uthengawo ku khomo lachiwiri. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti amasokonezanso maselo otchedwa ma pericyte, amene amakulunga timitsempha kunja kuti tilimbe. Zotsatira zake ndi mitsempha yambiri koma yosakhwima.

Zimenezi sizithera m'diso. Mu 2019 ofufuza a ku Mount Sinai ku New York anaonetsa kuti LRG1 amawonjezera kuwonongeka kwa timasefa ta impso pa matenda a shuga. Pa khansa, mitsempha yodontha ya m'chotupa imalepheretsa mankhwala ndi asilikali a thupi kufika mkati, ndipo mu 2021 gulu la ku London lija linalemba kuti kutseka LRG1 mwa mbewa kunawongola mitsemphayo ndi kuthandiza mankhwala kugwira bwino. Linapanga mankhwala otchedwa magacizumab, amene amagwira LRG1 n'kumuletsa ntchito. Mankhwalawa akadali pa kafukufuku, mu famase mulibe. Ndipo walira mvula walira matope: mitsempha yatsopano imafunikanso pochiza bala, choncho kutseka puloteni wotere kumafuna kusamala.

Kwa mayi uja, chithandizo chodziwika lero ndi kuwongolera shuga ndi BP, kuwotcha mbali zodwala za retina ndi laser, ndi jakisoni wa m'diso wotseka puloteni wina wotchedwa VEGF. Zonsezi zimathandiza kwambiri vuto likapezeka msanga.

Chifukwa chake sitingangokopera

Wina angafunse kuti, ngati ku Japan akumuyeza, bwanji osangoitanitsa zipangizozo? Pali zifukwa zitatu.

Choyamba ndi nambala. Mabuku ambiri amati munthu wathanzi amakhala ndi ma microgram 21 mpaka 50 a LRG1 pa mililita, pamene ku Japan 16 ndi malire osonyeza kuti matenda akuyaka. Palibe amene akunama. Njira zoyezera n'zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi muyezo wake. Nambala yopanda dzina la njira imene yaitulutsa ilibe tanthauzo.

Chachiwiri ndi magazi athu. Malire a chimene timati “chabwinobwino” amachokera kwa anthu amene anayezedwa. Tikudziwa kale kuti anthu ambiri athanzi a mu Africa amakhala ndi ma neutrophil ochepa kuposa malire olembedwa m'mabuku a ku Ulaya, popanda vuto lililonse. Tikudziwanso kuti kuno malungo, HIV, likodzo ndi njoka za m'mimba zimasunga chitetezo cha anthu ambiri chili chogalamuka. Kumudzi kumene agalu amauwa usiku wonse, kuuwa kwa galu sikudzutsa munthu. Malire a ku Osaka kapena ku Boston ayenera kuyesedwa kaye pa magazi a ku Lilongwe.

Chachitatu ndi masamu amene aliyense wa ife ayenera kuwadziwa. Tiyerekeze chiyeso chongopeka chimene chimagwira odwala 90 pa 100 aliwonse, koma chimanamizira athanzi 20 pa 100 aliwonse. Tikayeza anthu 1,000 m'wodi mmene 300 alidi ndi matendawo, chigwira 270 n'kunamizira 140. Mwa 410 amene chawaloza, ambiri ndi odwaladi. Tsopano tiyeze anthu 1,000 amene angobwera kudzaunikidwa ali bwinobwino, monga amachitira ambiri a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndipo mwa iwo odwala ndi 10 okha. Chigwira 9 n'kunamizira 198. Mwa 207 amene apita kunyumba ndi mantha, odwala sakwana ngakhale 5 pa 100 aliwonse. Chiyeso n'chomwecho, makina ndi omwewo, koma tanthauzo la zotsatira lasintha chifukwa cha amene wayezedwa.

Masamu amenewa atithandizenso pamene wina m'tauni atiitanira ku kachipinda kokhala ndi makina ogwira m'manja amene akuti amaona matenda onse nthawi imodzi, kenako n'kutigulitsa mabotolo. Ngati puloteni amene wafufuzidwa kuyambira 1977 satha kutchula dzina la matenda payekha, tizikayikira chilichonse cholonjeza kutchula onse m'mphindi ziwiri.

Gawo lathu

Zofunika kuti funso la LRG1 liyankhidwe kuno zili pafupi. Ku Area 3 kuli labotale yaikulu ya TB ya dziko lino. Pa Kamuzu Central pali UNC Project, imene yachita kafukufuku kwa zaka zambiri, komanso chipatala cha maso cha Lions SightFirst. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga National Health Sciences Research Committee, ndipo munthu aliyense wopereka magazi ayenera kufotokozeredwa m'chinenero chake n'kuvomera mwaufulu. Mafunso ake si ovuta kuwalemba. LRG1 amakhala wochuluka bwanji mwa Mmalawi wathanzi? Malungo amamukweza motani, ndipo amatsika pakapita masiku angati? Kodi amawonjezera chilichonse pa zimene CRP, yemwe ndi wotsika mtengo, akutiuza kale? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa kwacha iliyonse yogulira chiyeso chatsopano yachotsedwa pa china.

Kafukufuku wotere amaima pa ntchito zimene timazichita kale ndipo nthawi zina timaziona ngati zazing'ono: kulemba dzina lolondola pa kabotolo, kulemba nthawi imene magazi atengedwa, kuwazungulitsa asanakhalitse, kuona kuti firiji yasunga kuzizira kwake magetsi atathima. Serum yosasungidwa bwino imapereka nambala yooneka bwino papepala koma yabodza. Ife amene timakhulupirira kuti thupi ndi ntchito ya manja a Mlengi tili ndi chifukwa chowonjezera chochitira zimenezi mokhulupirika, ndi chosanenera wodwala zoposa zimene chiyeso chanenadi.

Pakadali pano, anthu atatu aja asadikire LRG1. Mwana amene ululu wa m'mimba wayambira pamchombo n'kusamukira kumunsi kumanja, akusanza, thupi latentha, apite kuchipatala usiku womwewo, osayamba ndi mankhwala otsegula m'mimba. Amene watsokomola milungu iwiri, akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, akayezetse TB, ndipo ngati ali ndi HIV asadikire n'komwe milungu iwiriyo. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere. Amene ali ndi shuga akaunikitse kumbuyo kwa maso kamodzi pachaka ngakhale akuona bwino, chifukwa mitsempha imayamba kuwonongeka munthu asanamve kanthu.

Ndipo tikadzapita ndi achinyamata a mpingo kukayeza anthu shuga ndi BP kwaulere, tikapeza wina amene wakhala ndi shuga zaka zambiri, tisangomulembera nambala pakapepala. Timufunse kuti maso ake anaunikidwa liti.